Munthu akapha chigawenga podziteteza, bwanji pa nyuzi sizimveka?

Kadzidzi_wa_usiku

Abale anzanga tandithandizeni maganizo apa. Dzulo tulo tinandithawa ndiye ndimangoyendayenda pa YouTube, mpaka ndinakagwera pa nkhani ya mnyamata wina wa ku America dzina lake Elisjsha Dicken. Zinachitika pa 17 July 2022 mu mall ina ku Greenwood, state ya Indiana. Munthu wina anatuluka mtoileti ndi chimfuti nkuyamba kuwombera anthu amene amadya pa food court, anapha atatu, koma mnyamatayu wa zaka 22 yemwe anangopitako ndi chibwenzi chake kokagula zinthu anasolola kamfuti kake ka mchiuno nkumugwetsa mmasekondi 15 okha. Apolisi anamuyamikira, palibe mlandu umene anamuzenga.

Chandidabwitsa nchoti ineyo nyuzi ndimatsatira ndithu, BBC, CNN, Al Jazeera zonsezi ndimaonera, koma dzina limeneli ndinali ndisanalimvepo olo kamodzi. Pomwe za kuwomberedwa kwa ana a sukulu ku Uvalde, Texas, zimene zinachitika miyezi iwiri yokha mmbuyo mwake tinazimva masabata ndi masabata. Ndiye funso langa nlakuti, kodi atolankhaniwa amabisa dala nkhani za anthu amene adziteteza ndi mfuti chifukwa choti iwowo mfutizo sakondwera nazo? kapena pali china chimene sindikuchiona?

Chachiwiri, inuyo mukuona bwanji, munthu wamba azikhala ndi ufulu wosunga mfuti? Ndisaname, ine mtima wanga ukupendekera koti eya. Mbava zinandiloweraponso mnyumba usiku ine ndili momwemo, ndinangogona phee ngati wafa ndikumva akunyamula katundu kusitingirumu, mpaka lero chitseko chikangolira mtima umadumpha. Sindikufuna zotukwanana, ndikungofuna kumva.

Nyalugwe77

Amwene mwafunsa bwino, ndipo yankho mwaliyankha kale nokha. Amabisa. Olo tinene kuti sabisa, amangoyikhudza tsiku limodzi mawa lake zii. Ndikupatseni ina, December 2019 mu tchalitchi ku White Settlement, Texas, mapemphero ali mkati munthu anatulutsa mfuti nkupha anthu awiri, mdala wina wa zaka 71 Jack Wilson yemwe amatsogolera gulu la chitetezo la mpingowo anamuwombera kamodzi kokha, nkhani yonse inatha mmasekondi 6 ndipo vidiyo ilipo chifukwa mapempherowo amaonetsedwa live. Mu tchalitchimo munali anthu oposa 200. Tangoganizani akanakhala kuti palibe amene ali ndi mfuti. Ku Sutherland Springs mu 2017 anthu 26 anafa mu tchalitchi, amene anakalimbana ndi chigawengacho ndi neba chabe Stephen Willeford, anathamanga osavala ndi nsapato zomwe mfuti ili mmanja.

Nde mufananize ndi Uvalde yomwe mwatchulayo, apolisi 376 anasonkhana pa sukulu paja koma panadutsa mphindi 77 asanalowe mkalasimo, ana 19 ndi aphunzitsi awiri anapita. Awa ndi amene mukuti tiziwadikira? Wachifwamba akathyola chitseko wapolisi amakhala ali kutali, amene ali pompo ndiwe ndi ana ako basi.

A ku America anaiona kalekale nkhaniyi nchifukwa chake anailemba mu konsitityushoni mu 1791, Second Amendment ija. Khothi lawo lalikulu mu 2008 pa mlandu wa Heller linagamula kuti ufuluwu ndi wa munthu payekha kusunga mfuti mnyumba mwake kuti adziteteze, ndipo mu 2022 pa mlandu wa Bruen linati olo kuyenda nayo kunja ndi ufulu. Kafukufuku wa Gary Kleck ndi Marc Gertz wa mu 1995 anapeza kuti anthu amadziteteza ndi mfuti maulendo 2.5 miliyoni pa chaka. Munazimvapo pa CNN zimenezo? kkkk

Ndipo atolankhaniwa sikuti ndi angelo ayi. Pa nkhani ya George Zimmerman, yemwe anawombera nkupha mnyamata Trayvon Martin ku Florida mu 2012, TV ya NBC inadula foni imene iye anaimbira apolisi nkuilumikiza mwina kuti azimveka ngati wangoyamba yekha kunena kuti mnyamatayo ndi wakuda, chonsecho anachita kufunsidwa ndi amene analandira foniyo. Anapepesa pambuyo pake, ena mpaka ntchito inawathera, koma anthu anali atamva kale.

NaBanda_M

Achimwene a Nyalugwe za NBC zo nzoona sindikutsutsani, koma 2.5 miliyoni yanuyo tiyeni tiyiunike kaye. Anthu aja anaimbira foni anthu pafupifupi 5,000 nkumawafunsa ngati anadzitetezapo ndi mfuti, ochepa amene anati eya aja ndi amene anawachulukitsa ndi chiwerengero cha dziko lonse. Vuto lake nloti pa chinthu chosachitikachitika chonchi, olo munthu mmodzi yekha pa 100 aliwonse akokomeze kapena asokoneze chaka chimene zinachitika, mapeto ake ndi mamiliyoni a nkhani zoti sizinachitike nkomwe. David Hemenway wa ku Harvard wakhala akunena zimenezi kwa zaka. Komanso munthu amene analoza mnzake mfuti pokanganirana malo oimika galimoto naye ukamufunsa anena kuti amadziteteza, palibe amavomera kuti ine ndi amene ndinali wovuta. Kafukufuku wa boma la America yemwe amafunsa anthu amene anachitiridwapo zaupandu amapeza nambala ya mma 100,000 kapena kucheperapo. Kuchoka pa 100,000 kufika 2.5 miliyoni si kusiyana kwa masewera, ndiye aliyense amangotola nambala imene yamukomera.

Tsono tibwere pa kupha kwenikweniko poti funso lagona pamenepo. Mmabuku a FBI, anthu ophedwa ndi munthu wamba movomerezeka ndi lamulo amakhala mma 300 kapena 400 pa chaka. Nambalayi ndi yoperewera chifukwa si apolisi onse amatumiza malipoti, chabwino, ichulukitseni kawiri olo katatu. Mu 2021 anthu ofa ndi mfuti ku America anali 48,830 malinga ndi CDC, bungwe la boma loona za umoyo, ndipo oposa theka anadzipha okha. Achimwene a Kadzidzi mukufunsa za nkhani zobisika, yobisika kwambiri ndi imeneyi. Bambo amene wagula mfuti kuti ateteze banja, patapita zaka zitatu ntchito yatha banja likugwedezeka, usiku umodzi woipa mfuti ili mu dirowa pafupi, ameneyo simudzamuona pa BBC komanso a NRA, bungwe lomenyera ufulu wa mfuti, sadzamulemba mu magazini yawo ija imene amasindikizamo nkhani za anthu odziteteza mwezi ndi mwezi.

Za atolankhani ine ndikuona chonchi. Nkhani ya Dicken inalembedwa, inunso mwaipeza, ndipo ma TV akuluakulu anaiulutsa ndithu masiku amenewo. Kungoti nkhani imakhalitsa pa nyuzi ngati ili ndi chotsatira, maliro, mlandu kukhothi, makolo akulira pamaso pa aphungu, lipoti la kafukufuku, mkulu wa polisi kuchotsedwa ntchito. Uvalde inali ndi zonsezi. Ya Greenwood apolisi anangoti mnyamatayu wachita bwino, mwini wakenso sanafune zoyankhulayankhula ndi atolankhani, ndiye tsiku lachitatu ulembanso chani? Ndipo zambiri zodzitetezazi sizifika nkomwe pa kuwombera, mbava yaona mfuti yathawa, palibe magazi palibe vidiyo, mwinanso mwini nyumba sanakanene ndi kupolisi komwe. Mtolankhani aidziwa bwanji?

Sindikukana kuti atolankhani ambiri a mmizinda ikuluikulu mfuti saikonda, zimenezo zimaoneka mmene amasankhira mawu. Koma Fox News ndi TV yaikulu zedi kumeneko ndipo nkhani zoterezi imazikonda kwabasi, ndiye kunena kuti zimabisidwa nkukokomeza.

Mphunzitsi_wopuma

Ana anga ndalowererapo pang'ono, mundikhululukire ndilemba zambiri, ukalamba umatero.

Mawu amene mukuwadumpha nonsenu ndi akuti "movomerezeka". Mukuyankhula ngati munthu akamaomba mfuti pamakhala chikwangwani cholembedwa kuti uku nkudziteteza, uku nkupha. Ayi. Dzina limenelo limabwera pambuyo, amapereka ndi wapolisi, woimira boma pa milandu kapena jury (gulu la anthu wamba ogamula mlandu), ndipo nthawi zambiri mboni imene ikanatsutsa ndi imene yagona pansiyo. Wakufa sapereka umboni.

Taonani ya Ahmaud Arbery ku Georgia. Anaphedwa pa 23 February 2020 akuthamanga mumsewu, anthu atatu atamuthamangitsa ndi magalimoto. Woimira boma wina amene anaigwira nkhaniyi koyambirira analemba kuti palibe chifukwa chomangira munthu, anthuwo amafuna kugwira womuganizira umbava ndipo wowomberayo amadziteteza. Kwa miyezi yoposa iwiri palibe anamangidwa. Vidiyo itatuluka mu May ndi pamene zinthu zinatembenuka, ndipo mu November 2021 onse atatu anapezeka olakwa pa mlandu wakupha. Popanda vidiyo ija ndi phokoso la atolankhani omwe mukuwanenawa, imfa imeneyi bwenzi lero ikuwerengedwa ngati chitsanzo cha munthu wabwino amene anadziteteza. Masiku asanu okha chigamulochi chisanaperekedwe, jury ina ku Kenosha, Wisconsin inamasula Kyle Rittenhouse yemwe ali ndi zaka 17 anapha anthu awiri nkuvulaza mmodzi pa zionetsero za mu August 2020. Pamenepo a Nyalugwe ali ndi mfundo, ambiri amene amangomvera nyuzi patalipatali ankaganiza kuti anawombera anthu akuda, chonsecho onse atatu anali azungu, ndipo mavidiyo amene anaonetsedwa mkhothi anaonetsa akuthamangitsidwa. Sabata imodzi, milandu iwiri, konse wowombera akuti ndimadziteteza, wina wapita kwawo ena ndende moyo wonse. Nchifukwa chake nkhani zimene zimakhalitsa pa nyuzi ndi zokanganitsazi, osati zoonekeratu.

Komanso lamulo lenilenilo limasiyana malo ndi malo. Pafupifupi kulikonse amafuna zinthu zofanana poyambira, ngoziyo ikhale ya pompopompo osati ya dzulo kapena ya mawa, mantha ako akhale oti munthu wanzeru zake akanakhala pamalo pakopo akanaopanso, mphamvu imene wagwiritsa ntchito ilingane ndi ngoziyo, ndipo usakhale iwe woyambitsa ndewu. Posiyana ndi pa kuthawa. Lamulo lakale limati ngati pali njira yothawira bwinobwino thawa kaye, kupatula mnyumba mwako, imene amati castle doctrine, poti munthu sungathawe pakhomo pako. Florida mu 2005 inabweretsa stand your ground, kutanthauza kuti paliponse pamene uli mololedwa sukakamizidwa kubwerera mmbuyo, ndipo ma state ambiri anatengera. Ofufuza ena atayang'ana ziwerengero za Florida anapeza kuti kuphana kunakwera ndi pafupifupi 24 peresenti lamuloli litayamba, ndipo bungwe la RAND litasanthula kafukufuku wosiyanasiyana linati umboni ulipo woti malamulo amenewa amachulukitsa imfa za mfuti. Chodabwitsa nchoti pa mlandu wa Zimmerman, umene unatchukitsa mawuwa dziko lonse, maloya ake sanadalire kwenikweni lamulo limeneli, iwo amati munthu wawo anali atapanikizidwa pansi moti kothawira kunalibe. Koma Trayvon Martin wa zaka 17 analibe chida chilichonse, ndipo mbali yake ya nkhaniyi palibe anaimva.

Mukawoloka nyanja zimasinthanso. Ku England mlimi wina Tony Martin wa ku Norfolk mu 1999 anawombera mbava ziwiri zimene zinalowa mnyumba mwake usiku, mnyamata wa zaka 16 anafa. Anthu ambiri ndi nyuzipepala zina anali mbali yake poti anali ataberedwa kangapo, koma khothi linamupeza wolakwa pa kupha mwadala mu 2000, chipolopolo chinalowera kumsana ndipo mfutiyo inalibe laisensi. Pa apilo mlandu unatsitsidwa nkukhala wopha mosakonzekera, anatuluka mu 2003. Kumeneko ngakhalenso ku Australia, ukalemba pa fomu kuti ndikufuna mfuti yodzitetezera laisensi sakupatsa.

A Kadzidzi, usiku umene munagona phee uja ndikuumvetsa, nzowawa ndipo munthu umadziona ngati wachabechabe. Koma kumbukiraninso Oscar Pistorius ku Pretoria pa 14 February 2013, zipolopolo zinayi kudzera pa chitseko cha toileti. Olo titakhulupirira mawu ake onse oti amayesa ndi mbava, taonani amene anali kuseri kwa chitsekocho, chibwenzi chake Reeva Steenkamp, ndipo anafa. Ndi Ralph Yarl mwana wa zaka 16 ku Kansas City mu 2023, anasokoneza nyumba pokatenga azing'ono ake, analiza belu, mdala wa zaka 84 nkumuwombera pamutu. Mwamwayi anapulumuka. Mantha ndi omwewo amene munali nawo inu, kusiyana kwake awa anali ndi mfuti pafupi.

Nyalugwe77

Bambo ulemu wanu, mwafotokoza bwino ndipo zina ndaphunzirapo, makamaka za Arbery sindimadziwa kuti poyamba anaiweruza choncho. Koma mwasankha nkhani zonse zimene zinalakwika. Pistorius ndi mdala wa ku Kansas City uja anaphwanya lamulo loyamba limene aliyense wophunzira mfuti amauzidwa, usawombere chinthu chimene sunachione bwinobwino. Dalaivala woledzera akagunda munthu sitilanda magalimoto a anthu onse. Ndipo mayi amene akukhala yekha, mwamuna wake wakale wamuopseza kuti adzamupha, pepala la kukhothi lomuletsa kufika pakhomo lili mmanja koma pepala silitseka chitseko, ameneyo mumuuza kuti chani? athawe mpaka liti? Mfuti ndi chinthu chokhacho chimene chimapangitsa nkhalamba kapena mzimayi kulingana mphamvu ndi chimunthu cha majinjiri.

Asisi a NaBanda za odzipha zo ndavomera nzomvetsa chisoni, koma imeneyo ndi nkhani ya matenda a maganizo, Japan ndi South Korea mfuti nzosowa kwambiri koma anthu amadzipha ambiri.

NaBanda_M

Achimwene kusiyana kwake nkoti njira zinazo ambiri amapulumuka nkupeza thandizo, ndipo ambiri opulumukawo sadzafanso ndi kudzipha, pomwe mfuti pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse sadzukanso. Za mayi woopsezedwayo ndakumvani ndipo sindingamuweruze atagula. Ingodziwani kuti mnyumba mmene muli nkhanza, mfuti ikakhalamo itha kuthera mmanja mwa wankhanzayo. Ndipo mufufuze za Marissa Alexander ku Florida komweko kwa stand your ground, anaomba chipolopolo chimodzi chochenjeza mwamuna wake amene amati amamuzunza, palibe anavulala, mu 2012 anamugamula zaka 20. Anadzatuluka pambuyo pa apilo ndi kugwirizana ndi boma, koma zaka zina anali atazisiya kale mndende.

Wa_Night_Shift

Ine ndingowonjezera mbali imene sinatchulidwe, zimene zimachitika ukatha kuwombera. Ndinagwirapo ntchito ya ulonda zaka zingapo ndipo chimene amatiuza mobwerezabwereza pa training nchoti apolisi akamafika sadziwa kuti wabwino ndi uti, iwo akungoona munthu ali ndi mfuti mmanja ndi wina ali pansi.

Johnny Hurley ku Arvada, Colorado mu June 2021 anamva kulira kwa mfuti ali mu shopu, anatuluka nkugwetsa munthu amene anali atangopha wapolisi, ngwazi yeniyeni, koma anatola mfuti ya chigawengacho ndipo wapolisi wina pofika anamuwombera nkufera pomwepo. Emantic Bradford wa zaka 21 ku Hoover, Alabama mu November 2018, kunamveka mfuti mu mall iye nkutulutsa yake, wapolisi anamupha, ndipo usiku womwewo analengeza kuti tapha chigawenga, ma TV nkuulutsa choncho, kenako mawa lake nkubweza mawu kuti sanali iyeyo. Apa nde pamene ine atolankhani ndimawadandaula, osati zobisazo ayi koma kuthamangira kulemba chilichonse chimene apolisi anena tsiku loyamba. Philando Castile ku Minnesota mu 2016 laisensi anali nayo, anamuuza yekha wapolisi mwaulemu kuti bwana ndili ndi mfuti, mmasekondi ochepa anali atawomberedwa mwana wamng'ono ali kumpando wakumbuyo. Wapolisiyo khothi linamumasula, ndipo a NRA amene amakuwa tsiku ndi tsiku za ufulu wa mfuti anangoti duu, mpaka mamembala awo ena anadandaula. Bradford ndi Castile onse anali akuda, ndiye ufuluwo pa pepala ndi wa aliyense koma pamsewu zimaoneka kuti zimatengeranso nkhope.

Olo zikuyendere bwino ngati Jack Wilson, nkhani yake inakafikabe ku grand jury, gulu loona ngati munthu ayenera kuzengedwa mlandu, ndipo panatha miyezi pafupifupi 9 asananene kuti palibe mlandu. Mfuti amakulanda ngati umboni, loya ndi wako wolipira, abale a womwalirayo atha kukusumira pawokha, kuwonjezera apo tulo. Munthu amene wapha mnzake olo akhale wachifwamba sagona ngati kale, zimenezo pa YouTube saonetsa.

Kadzidzi_wa_usiku

Eee abale ndimayesa ndifunsa kafunso kakang'ono kkkk. Zikomo nonse, bambo aphunzitsi zikomo kwambiri. Za kubisa zija ndatsikako pang'ono, ndabwerera kukasaka ndapeza kuti CNN inalembadi za Dicken, ndine amene sindinaione. Komabe sindinasinthiretu, usiku uja ukanabwereranso sindikudziwa ngati ndingasankhe kugonanso phee. Chimene ndakhala ndikuganiza kuyambira mmawa nchoti tsiku lija mphwanga amagona chipinda chinacho ndipo ali ndi chizolowezi chodzuka usiku kukamwa madzi osayatsa magetsi.

A Night_Shift, pa training yanuyo amakuuzani kuti mfuti izisungidwa bwanji mnyumba moti muli ana? Chifukwa ikakhala yokhomera mu sefa zipolopolo zili kwina, wakuba atalowa kale ndiitenga nthawi yanji, ndipo ikakhala pansi pa pilo nde ndi zomwe akunena asisi a NaBanda zija.